Kodi Kavalo Wamng'ono Kwambiri Ndi Poni Kapena Ndi Kavalo?

Mu komboni ya Nabvutika mumzinda wa Chipata katundu amayenda pa njinga, pa wilibala ndi pa mutu, ndipo nthawi yokolola cimanga cimabwera kucokera ku midzi yozungulira pa ngolo zokokedwa ndi ng'ombe. Kavalo sapezeka m'njira za m'komboniyi. Anthu ambiri amamudziwa kucokera m'Baibulo, pa zithunzi za m'mabuku a sukulu, kapena pa wailesi ya kanema pamene apolisi okwera pa akavalo akuperekeza mtsogoleri wa dziko kukatsegulira nyumba ya malamulo ku Lusaka. Koma m'zaka zino mafoni abweretsa cinthu cina pamaso pa anthu: akavalo aafupi kwambiri, amene msana wao sufika n'komwe m'ciuno mwa munthu wamkulu, ena akulowa m'nyumba ngati agalu, ena akukoka tingolo ta ana.

Oona zithunzi zimenezi amagawanika. Ena amati ndi mwana wa kavalo, ena amati ndi bulu, ndipo ena amati ndi kavalo amene anapinimbira ndi njala. Onsewa amaphonya. Nyamayo ndi yaikulu msinkhu, inafika kale pobereka, ndipo inawetedwa dala kuti ikhale yaifupi motero. Olankhula Cingerezi amaicha miniature horse, kutanthauza kavalo wocepetsedwa, ndipo pakati pa oweta ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa pali mkangano wakale wakuti kodi dzina limeneli ndi loyenera, kapena nyamayo iyenera kuchulidwa kuti poni monga anzake ena aafupi. Poyesa msinkhu ndi poni. Potsata makolo ake ndi poni kwakukulu. Koma m'mabuku a mabungwe amene amailembetsa, inalembedwa kuti kavalo.

Maina obwereka

Cinyanja cili ndi mau awiri ochulira kavalo, ndipo onse ndi obwereka. Liu lakuti kavalo linacokera ku Cipwitikizi, cilankhulo cimene cinaperekanso mau monga nsapato, kalata ndi mbatata, kudzera mwa amalonda amene anali kukwera mtsinje wa Zambezi kucokera ku Tete kufika ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero kuli boma la Luangwa. Liu lakuti bulu linabwera m'njira yomweyo. Liu lina, hachi, limafanana ndi la Cizulu lakuti ihhashi, limene Azulu naonso anatenga ku Cingerezi.

Mau ndi obwereka cifukwa nyamayo inali mlendo, ndipo inakhalabe mlendo cifukwa ca tizilombo tiwiri touluka. Koyamba ndi nchenche ya kashembe, imene imapezeka m'cigwa ca Luangwa ndi m'malo ena otentha a m'cigawo ca kum'mawa. Ikaluma ciweto imasiya m'magazi kacilombo koyambitsa matenda a nagana, abale ake a matenda a kaodzera amene amagwira anthu. Dotolo wa asilikali a Britain, David Bruce, ndiye anaonetsa zimenezi m'caka ca 1895 pamene anali kufufuza imfa za ziweto m'dziko la Azulu. Kaciwiri ndi kacilombo kocepa kuposa udzudzu, kamene kamaluma madzulo ndi m'mbandakuca m'nyengo ya mvula, ndipo kamafalitsa matenda ochedwa African horse sickness. Matendawa akalowa pakati pa akavalo osalandira katemera amatha kupha 9 mwa akavalo 10 amene adwala, pamene abulu a kuno ku Africa ndi mbidzi kawirikawiri sadwala kwambiri.

David Livingstone anayesa kupeza nyama yopirira kashembe m'caka ca 1866. Anabwera ndi ngamira, njati zoweta za ku India, nyuru ndi abulu, n'kulowa nazo mkati mwa dziko motsata mtsinje wa Rovuma, koma zambiri zinafa m'miyezi yowerengeka, zina cifukwa ca matenda, zina cifukwa ca nkhanza za oziyendetsa. Ngakhale pamene Chipata anali Fort Jameson, likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira caka ca 1911, azungu a boma poyendera midzi anali kunyamulidwa pa macila kapena kupalasa njinga.

Motero Cinyanja sicinakhale ndi cifukwa cogawira akavalo m'magulu. Mlimi wa ku Katete amasiyanitsa nkhunzi, mfule, msoti ndi thole cifukwa ng'ombe ndi cuma cake. Kavalo ndi kavalo basi. Ndipo liulo linabwera litayamba kale ndi ka, ngati kuti nyamayo ndi yaing'ono, kotero kuti wofuna kuicepetsa amakakamizika kunena kakavalo, zimene zimamveka ngati cibwibwi.

Liu lakuti poni linayamba kumveka ku Scotland m'zaka za m'ma 1600, ndipo akatswiri a zilankhulo amakhulupirira kuti linacokera ku liu la Cifalansa lotanthauza mwana wa kavalo. Apa ndipo pali gwero la cisokonezo, cifukwa lero poni si mwana. Mwana wa kavalo amadziwika ndi miyendo yaitali yosalingana ndi thupi komanso kamcira kakafupi, ndipo mwezi uliwonse amakula. Poni wa zaka 10 ali ndi mano a nyama yaikulu, ali ndi ana ake, ndipo sadzatalikanso.

Muyeso wa dzanja

Oweta akavalo olankhula Cingerezi amapima msinkhu ndi muyeso wakale wochedwa dzanja, umene ndi mainchi 4 kapena masentimita 10.16. Amayeza kucokera pansi kufika pamwamba pa mapewa, pomwe khosi limakumana ndi msana, pamalo pamene ng'ombe ya mtundu wa Angoni ili ndi linunda. Mutu suwerengedwa cifukwa umakwera ndi kutsika. Malire odziwika ndi manja 14.2, ndipo nambala imeneyi imasokoneza ana a sukulu cifukwa si ya desimali: imatanthauza manja 14 ndi mainchi 2, amene ndi mainchi 58, pafupifupi masentimita 147. Nyama yosapitirira apa ndi poni, yopitirira ndi kavalo. Bungwe loyang'anira mipikisano ya akavalo pa dziko lonse, la FEI, limene likulu lake lili ku Lausanne m'dziko la Switzerland, limaika malire pa masentimita 148 ngati nyamayo ilibe nsapato zacitsulo, ndi 149 ngati yabvala.

Potsata muyeso umenewu palibe cotsutsana. Bungwe la American Miniature Horse Association limalembetsa nyama zosapitirira mainchi 34, amene ndi masentimita 86. Kaundula wina wa ku America komweko, American Miniature Horse Registry, ali ndi magulu awiri: la nyama zosapitirira mainchi 34, ndi la zofika mainchi 38, amene ndi masentimita 97. Umenewu ndi msinkhu wa cishalo ca njinga ya munthu wamkulu. Nyama yotere ili pansi pa malire a poni ndi theka la mita kapena kuposa. Pali kanthu kenanso koseketsa: mabungwe awiriwa sayeza pamwamba pa mapewa monga amacitira ena onse, koma pa tsitsi lomaliza la cenjerere, ubweya wautali uja wa pakhosi. Malo amenewa kawirikawiri amakhala otsika pang'ono, conco nyamayo pa pepala imaoneka yaifupi kuposa mmene ilili m'khola.

Komabe muyeso wa dzanja sunatsatidwepo mokhulupirika ndi aliyense. Citsanzo cili muno m'Zambia momwe. Ku Lusaka ndi ku mafamu a ku Mazabuka kuli anthu osewera polo, masewera omenya kampira ndi ndodo yaitali munthu ali pa kavalo. Akavalo a masewerawa onse amachulidwa kuti maponi, pamene ambiri ndi a manja 15 kapena 16. Dzinali linatsalira kucokera nthawi imene asilikali a Britain anaphunzira masewerawa ku Manipur m'dziko la India, kumene anali kuseweredwa pa nyama zazifupi zenizeni. Malire a msinkhu anacotsedwa ku England m'caka ca 1919, akavalo anatalika, koma dzina silinasinthe. Kumbali ina, akavalo a ku Iceland ambiri ndi a manja 13 kapena 14, koma eni ake sabvomera kuti wina awache maponi. Akavalo a Ciarabu, amene ndi ochuka pa dziko lonse cifukwa ca liwiro ndi kupirira, ena safika pa malire a manja 14.2, koma palibe amene amawacha maponi.

Cifukwa ca ici oweta amati msinkhu pawokha sukwanira, payenera kuonedwanso kapangidwe ka thupi. Poni weniweni, iwo amati, ali ndi miyendo yaifupi poyerekeza ndi thupi, mafupa onenepa, khosi lalifupi lojinca, mimba yozungulira ngati mgolo, mphumi yotambalala, ndi ubweya wambiri pakhosi ndi kumcira. Kavalo ali ndi miyendo yaitali, khosi lalitali ndi mutu woonda. Apa ndipo oweta akavalo ang'onoang'ono amaimika mlandu wao. Colinga cao, amati, ndi kubereketsa nyama imene itajambulidwa yokha, popanda munthu kapena mtengo pambali woyerekezera, woona cithunzi angaganize kuti ndi kavalo wamkulu. Zina mwa nyama zao zimafikadi pamenepo. Zambiri zimaonekabe ngati makolo ao.

Magazi a ku Shetland

Makolowo ndi odziwika. Kumpoto kwa Scotland kuli zisumbu za Shetland, malo ozizira, amphepo, a msipu wocepa, kumene kwa zaka mazanamazana kwakhala mtundu wa maponi aafupi ndi amphamvu. M'nyengo yozizira udzu ukasowa amadya ngakhale zomera za m'nyanja zimene mafunde amataya pagombe. Eni ake anali kuwagwiritsa nchito yonyamula dothi lakuda louma limene amasonkhera moto, ndi kukoka makasu. Kaundula wa mtunduwu anakhazikitsidwa m'caka ca 1890, ndipo salola nyama yopitirira mainchi 42, amene ndi masentimita 107.

Cimene cinawacotsa pa zisumbuzo ndi malasha. M'caka ca 1842 nyumba ya malamulo ya Britain inaletsa akazi, atsikana ndi anyamata osafika zaka 10 kugwira nchito pansi pa migodi. Iwowa ndiwo anali kukoka tingolo ta malasha m'njira zopanikizika zimene munthu sangaimirire. Eni migodi anafuna nyama yaifupi yamphamvu yolowa m'malo mwa ana, ndipo anaipeza ku Shetland. Maponi zikwizikwi anatsitsidwa pansi pa nthaka, ambiri osaonanso dzuwa kwa miyezi, ndipo ku Britain omaliza anatuluka m'migodi m'zaka za m'ma 1990. Ena anatumizidwa ku America kukagwira nchito yomweyo ndiponso kukakhala zoseweretsa za ana a anthu olemera. Nchito ya m'migodi itatha, oweta ena anayamba kusankha nyama zocepetsetsa m'khola n'kumazikweretsa zokhazokha, m'badwo ndi m'badwo.

Mbiri ya mabuku a kaundula imaulula zambiri. Bungwe la American Shetland Pony Club linakhazikitsidwa m'caka ca 1888, ndipo ndilo lomwe kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970 linatsegula kaundula wa American Miniature Horse Registry monga nthambi yake. Kunena kwina, bungwe la maponi ndilo linabala buku limeneli la akavalo ang'onoang'ono. Mpaka lero nyama imodzi ikhoza kulembedwa m'mabuku onse awiri, m'lina monga poni wa Shetland, m'lina monga kavalo wamng'ono, ndipo ikhoza kupikisana m'magulu onse awiri ndi miyendo inai yomweyo. Bungwe lina lija, American Miniature Horse Association, linabwera m'caka ca 1978 ndi colinga cocititsa nyamazi kukhala mtundu woima paokha, wosiyana ndi maponi.

Ku Argentina kuli mtundu wochedwa Falabella, umene ambiri amauchula pofuna kuonetsa kuti kavalo wamng'ono si poni. Ndi zoona kuti mtunduwu unayambira pa akavalo aafupi a m'madambo a dzikolo, zidzukulu za akavalo amene Asipanya anabwera nao. Munthu wina wocokera ku Ireland, Patrick Newtall, anayamba kuwasankha m'zaka za m'ma 1800, ndipo nchitoyo anaisiyira mkamwini wake, Juan Falabella, amene mtunduwu unatenga dzina la banja lake. Koma pofuna kucepetsa msinkhu, banjali linalowetsamo magazi a maponi a Shetland ndi a ku Wales pamodzi ndi akavalo ena aafupi a mpikisano.

Pafupi ndi kuno, ku South Africa, nkhani ndi yomweyo. Mlimi wina wa ku Lindley m'cigawo ca Free State, Wynand de Wet, anayamba kuweta nyamazi m'caka ca 1945 ndi maponi a Shetland. Amene anamutsatira anaonjezamo magazi a akavalo a Ciarabu kuti mutu ndi khosi zioneke bwino. Kaundula anayamba m'caka ca 1984, ndipo mu 1989 nyamayi inabvomerezedwa monga mtundu wapadera wochedwa South African Miniature Horse.

Conco amene amati kavalo wamng'ono si poni cifukwa ca makolo ake, wagwira mfundo yofooka koposa zonse. Magazi a Ciarabu ndi a akavalo ena alimo ndithu, ndipo ndiwo amapereka maonekedwe amene oweta amanyadira. Koma kufupikako, kumene ndiko kumapangitsa nyamayi kukhala cimene ili, kunacokera kwakukulu ku maponi.

Nkhani ya ku Lesotho

Kum'mwera kwa Africa kuli nyama imene mlandu wake ndi wotembenuka. M'mapiri a Lesotho anthu amayenda pa nyama yochedwa Basotho pony, imene imadutsa m'tinjira ta miyala momwe galimoto singapite, itanyamula munthu, ufa kapena wodwala wopita ku cipatala. Makolo ake sanali maponi. Anali akavalo amene kampani ya Adachi inabwera nao ku Cape kucokera ku Java m'zaka za m'ma 1650, amene pambuyo pake anasakanizidwa ndi a ku Persia, a Ciarabu ndi a mpikisano a ku England. Akavalowa anafika ku Lesotho m'nthawi ya mfumu Moshoeshoe woyamba, ca m'ma 1830, ndipo m'zaka zocepa mtundu wonse unasanduka wa okwera pa akavalo.

Kuzizira kwa m'mapiri ndi kucepa kwa msipu kunafupikitsa nyamazo ndi kuzilimbitsa ziboda. Pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902 zinagulidwa zambirimbiri cifukwa zinali kupirira kuposa akavalo aakulu ocokera ku Ulaya, ndipo zabwino zambiri zinathera ku nkhondoko. Angerezi anazicha maponi poona msinkhu. Eni ake m'Cisotho amati pere, kutanthauza kavalo, monga amachulira wina aliyense. Motero pali nyama ya makolo a akavalo imene ikuchulidwa poni, ndipo pali nyama ya makolo a maponi imene ikuchulidwa kavalo.

Akatswiri a sayansi ya nyama sabvutika ndi zimenezi. Kwa iwo poni wa Shetland, kavalo wa Ciarabu, kavalo wa polo ndi kakavalo ka mainchi 30 ndi nyama imodzi, Equus caballus, ya makromozomu 64. Zimakwerana ndi kubereka ana amene naonso amabereka. Kusiyana kwao kuli ngati kwa ng'ombe ya Angoni, yaifupi ya nyanga zazifupi, ndi ng'ombe ya Barotse ya ku cigawo ca kumadzulo, yaitali ya nyanga zotambalala. Palibe amene amati ya Angoni si ng'ombe cifukwa yacepa. Bulu ndiye nyama ina. Ali ndi makromozomu 62, makutu aatali, mcira wa ubweya kunsonga kokha, ndi kulira kwake kodziwika. Bulu wamwamuna akakwera kavalo wamkazi pamabadwa nyuru, ya makromozomu 63, yamphamvu pa nchito koma yosabereka. Mbidzi za ku South Luangwa ndi abale a patali ndithu, a makromozomu 44.

Zimene dzina limabisa

Ngati zili conco, n'cifukwa ciani oweta amalimbikira dzina lakuti kavalo? Mbali ina ndi kunyadira nchito yao ya zaka zambiri yosankha nyama zooneka bwino. Mbali ina ndi malonda. Poni wamng'ono ndi cinthu wamba ku maiko a azungu, pamene kavalo wocepetsedwa amamveka ngati cozizwitsa, ndipo cozizwitsa cimagulitsidwa pa mtengo wokwera. Alimi a kuno amaidziwa bwino nkhani yotere pa mbuzi: mbuzi ya mutu wofiira ndi thupi loyera imagulitsidwa ndi dzina la Boer ngakhale magazi a Boer alimo ocepa, ndipo wogula amazindikira ana akabadwa. Dzina la mtundu wa ciweto limatsimikizika ndi buku la kaundula loonetsa makolo, osati ndi pakamwa pa wogulitsa.

Bvuto lalikulu ndi lakuti dzina lakuti kavalo likhoza kusoceretsa woweta pa kadyetsedwe. Thupi la nyamayi ndi la ku Shetland, lozolowera kupeza mphamvu zambiri pa cakudya cocepa. Ikapatsidwa cimanga, gaga kapena cakudya ca m'matumba monga kavalo wa mpikisano, imanenepa msanga ndipo imagwidwa ndi matenda otupitsa mnofu wa mkati mwa ziboda, amene madotolo a ziweto amati laminitis. Nyamayo imamva ululu waukulu, imaima motsamira kumbuyo, ndipo matendawa akakula imalemala. Palinso matenda ena amene amabwera nyama yonenepa ikaleka kudya mwadzidzidzi cifukwa ca kudwala, ulendo wautali kapena bere: mafuta a m'thupi amasefukira m'magazi ndi kuononga ciwindi. Matenda amenewa amagwira kwambiri maponi, akavalo ang'onoang'ono ndi abulu, ndipo amapha m'masiku owerengeka. Amene amaweta abulu ayenera kudziwa kuti bulu akakana kudya kwa tsiku limodzi kapena awiri ndi nkhani yoitanira a za ziweto.

Kufunitsitsa nyama yocepetsetsa kunabweretsanso cilema. Pamene oweta ena anali kuthamangira msinkhu wokha, anali kukweretsa ndi nyama zobadwa ndi cilema ca kupinimbira kwa mafupa: mutu waukulu, cibwano ca pansi cotulukira kunja, miyendo yokhota ndi kupuma mobvutikira. Kavalo wamkazi wochedwa Thumbelina, amene anabadwa ku Missouri m'dziko la America m'caka ca 2001 n'kulembedwa m'buku la Guinness monga wamfupi koposa onse, sanafike masentimita 45, ndipo anali ndi cilema cimeneci. Anafa m'caka ca 2018. Lero akatswiri anapeza jini imene imayambitsa mitundu ingapo ya cilemaci, yochedwa ACAN, ndipo woweta akhoza kupimitsa nyama zake asanazikweretse. Ngakhale pa nyama zabwinobwino, mano nthawi zambiri amapanikizana m'kamwa kocepa, ndipo kubereka kumabvuta kawirikawiri kuposa pa akavalo aakulu.

Pa nkhani ya nchito, kavalo wamng'ono amalemera pakati pa makilogalamu 70 ndi 160. Langizo lodziwika ndi lakuti kavalo asanyamule katundu wopitirira gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwake. Nyama ya makilogalamu 100 iyenera kunyamula makilogalamu 20 okha, osafika ndi theka lomwe la thumba la cimanga la makilogalamu 50. Munthu wamkulu sayenera kuikwera. Imakoka bwino kangolo kopepuka pa njira yosalala, koma pa ngolo ya ku munda kapena pa pulawo singalowe m'malo mwa ng'ombe, kapena mwa abulu monga amene amakoka ngolo ku Dedza ndi ku Lilongwe m'dziko la Malawi ndi m'cigwa ca Gwembe kum'mwera kwa Zambia. Kumene nyamazi zapeza nchito yatsopano ndi pothandiza anthu olumala. Cifukwa zimakhala zaka 25 mpaka 35, nthawi yaitali kuposa galu, zina zimaphunzitsidwa kutsogolera anthu osaona, ndipo m'caka ca 2010 boma la America linasintha malamulo ake kuti akavalo otere ophunzitsidwa aziloledwa kulowa m'masitolo ndi m'malo ena a anthu onse kumene kuli kotheka.

Kwa wolankhula Cinyanja, mau oyenera ndi osabvuta. Kunena kuti kavalo wa mtundu waufupi ndi kolondola pa poni wa Shetland, pa wa ku Lesotho ndi pa kavalo wamng'ono wa ku America yemwe. Kunena kuti poni sikulakwa, cifukwa muyeso ndi makolo zikubvomereza. Dzina lakuti miniature horse ndi la m'buku la kaundula, ndipo limafunika pomwe pali mapepala a nyamayo, pa mpikisano kapena pogula. Colakwa ndi kunena kuti mwana wa kavalo kapena bulu, cifukwa woganiza kuti ndi mwana adzaidyetsa kwambiri poyembekeza kuti ikule, ndipo woganiza kuti ndi bulu adzaisenzetsa katundu ndi kuisiya panja usiku.

Kusiya panja usiku ndiko koopsa kwambiri kuno ku cigawo ca kum'mawa. Aliyense wofuna kubweretsa kavalo wa msinkhu uliwonse ku Chipata ayenera kuyamba waonana ndi ofesi ya za ziweto ya m'boma kuti apeze cilolezo coyendetsera nyama ndi malangizo a katemera. Katemera wa African horse sickness amabayidwa caka ciliconse mvula isanayambe. M'miyezi ya dzinja nyamayo iyenera kulowa m'khola lotsekedwa ndi sefa ya maso ang'onoang'ono dzuwa lisanalowe, ndipo isatulutsidwe kufikira mame atauma. Malo a madambo ndi a m'mphepete mwa mitsinje, kumene tizilombo toluma tija timaswana, si odyetserako kavalo madzulo, ndipo ku madera a Mambwe ndi ena oyandikana ndi cigwa ca Luangwa kumafunikanso mankhwala oteteza ku nagana.